Ndikutsegula babashopu ku Chinamwali, ndiyambe kugula chiyani?

Mnyamata wa ku Chinamwali: Akuluakulu ndi anzanga nonse a pagulu pano, moni. Ndabwera kudzapempha nzeru. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikumeta pa babashopu ya munthu wina m'tauni, ndalama tikugawana madzulo alionse. Pano ndapeza kachipinda ku Chinamwali, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, ndipo lendi ndalipira kale. Mpando ndi galasi zilipo. Ndalama imene yatsala ndi yochepa ndipo ndikuopa kuitaya. Mashini amene ndinazolowera anali a bwana, anga sindinagulepo. Kodi ndigule a chingwe kapena ochaja? Ndigule amodzi odula kapena awiri otchipa? Nanga zina zoti zisasowe tsiku loyamba ndi ziti? Sabata yamawa ndikufuna ndikwere minibasi ya ku Limbe, ndiye chonde ndithandizeni ndisanapite.

Wometa wa ku Matawale: Aise, zabwino zonse, walimba mtima. Ine yankho langa ndi lalifupi: gula ochaja. Magetsi akazima, wa chingwe amangokhala pakhomo manja lende, makasitomala akudutsa kupita kwa mnzake. Ine ndili ndi Kemei ndi VGR, onse a ku China, ndipo ndimameta nawo tsiku lonse, ena akugwira ntchito ena ali pa chaji. Komanso fade, kametedwe kaja kofupikitsa tsitsi m'munsi n'kumalisiya lotalikirapo pang'onopang'ono kupita pamwamba, imatuluka bwino popanda chingwe chokukola m'manja ukamazungulira mutu.

Madala a pa Mpondabwino: Mwana wanga, ndasangalala kumva kuti ukuima pawekha. Mnzako wa ku Matawale wanena zoona pa nkhani ya magetsi, koma ine ndisiyana naye pa choyambira. Mashini oyamba akhale a chingwe, olimba, monga Wahl Super Taper yeniyeni. Anga ndakhala nawo nthawi yaitali, ndasintha ma blade kangapo ndi chingwe kamodzi, mota ikadali yomwe ija. Mashini ochaja moyo wake uli mu batire. Batire ikatopa umayamba kuona mashini akuzula tsitsi m'malo modula, makamaka mutu wa munthu amene watha miyezi iwiri osameta, tsitsi lathu lolimbali litapotana mpaka pansi. Mwana wamng'ono akazulidwa kamodzi, ulendo wina amayamba kulira asanalowe n'komwe. Ochajawo ugule achiwiri, otchipa, oti azikupulumutsa magetsi akazima.

Wometa wa ku Matawale: Madala, ulemu wanu, koma ndalama ya Wahl yeniyeni imodzi angagule nayo ochaja awiri ndi trimmer yowongolera mzere, n'kutsalako ya spiriti. Munthu akungoyamba kumene.

Madala a pa Mpondabwino: Ndakumva. Ndiye uwerengenso kuti otchipawo awagula kangati pa zaka zitatu. Sindikunyoza a ku China ayi, enanso ndi abwino ndithu, inenso ndili nawo amodzi mu dirowa. Ndikungoti msana wa babashopu usakhale pa batire.

Wokonza zamagetsi wa ku Sadzi: Ndilowepo pang'ono, poti mashini a ometa ambiri amathera pa tebulo langa. Nonse awiri mukunena zoona, kungoti mukukamba za mitundu iwiri ya mota. Super Taper ndi ena ofanana nawo ali ndi mota ya maginito. Mkati mwake mulibe chozungulira, muli koilo ndi kachitsulo kamene kamakokedwa uku ndi uku, n'chifukwa chake sachedwa kukonzeka ndipo amakhalitsa. Ochaja ambiri ali ndi mota yozungulira, yamphamvu ndithu batire ikakhala yodzaza. Wahl Magic Clip yochaja, mwachitsanzo, imameta pafupifupi ola limodzi ndi theka isanafune chaji.

Chimene ndikufuna kuchenjeza kwambiri ndi ichi. Magetsi athu kuno ndi 230 volts, 50 Hz (ma Hz ndi liwiro limene magetsi amasinthira mbali uku ndi uku pa sekondi). A ku America ndi 120 volts, 60 Hz. Wahl ndi Andis onse ndi makampani a ku America, ndipo amapanga mashini osiyana a misika yosiyana. Mukapeza a chingwe pa kaunjika kapena m'bale wakutumizirani, tembenuzani muwerenge zolembedwa kunsi kwake. Akakhala a 120 volts n'kuwalumikiza pa soketi yathu, koilo imapsa nthawi yomweyo, fungo lake simungaliiwale. Ena amagula kathiransifoma kotsitsa mphamvu, koma kameneko sikasintha ma Hz aja, ndiye mota ya maginito imangosokosera kwadzaoneni osadula bwino. Ochaja alibe vuto limeneli kwenikweni, poti machaja ambiri analembedwa 100 mpaka 240 volts, komabe werengani musanalumikize.

Mnyamata wa ku Chinamwali: Achimwene a ku Sadzi, mwandipulumutsa. Pali munthu amandionetsa Andis ya chingwe yotchipa kwambiri, pulagi yake ya timano tiwiri tophwatalala. Ndimati ndingogula adaputa.

Wokonza zamagetsi wa ku Sadzi: Pulagi yotero nthawi zambiri ndi ya ku America. Adaputa imangosintha maonekedwe a timano, mphamvu ya magetsi siisintha. Usagule usanawerenge kunsi.

Achimwene a ku Joni: Moni kumudzi. Ine ndimameta kuno ku Johannesburg. Magetsi a kuno ndi ofanana ndi a kwathu, ndiye mashini ogulidwa kuno amagwira bwinobwino ku Zomba, mumangosintha pulagi poti ya kuno ndi ya timano tozungulira pomwe yathu ndi ya timano tamakona. Koma mphwanga, usaganize kuti chilichonse chochokera ku Joni ndi chenicheni. Ma Wahl abodza ali mbwee kunonso, bokosi lokongola kuposa lenileni. Ine ndinapusitsidwapo kamodzi pa shopu ina, ndipo zinandipweteka poti inali ndalama ya mwezi wathunthu. Nyamula mashiniwo m'manja: abodza amapepuka, chingwe chake n'chopyapyala ngati cha wailesi, masikuluwu ake ndi ofewa, sikuludiraiva ikangokhudza mutu wake watha. Uwauze awalumikize pomwepo umve kulira kwake. Enieni amalira mofanana, osasinthasintha. Ndipo mtengo ukatsika mopitirira, dziwa kuti pali chifukwa.

Chemwali wa saluni ku Chikanda: Abambo inu mwangokakamira pa mashini aakulu. Mlongo wanga, usaiwale trimmer, kaja kakang'ono kowongolera mzere wa pamphumi, m'mbali mwa makutu ndi ndevu. Kuno ku Chikanda timakhala ndi ana a ku yunivesite, ndipo iwowa amayang'ana mzere asanayang'ane china chilichonse. Mutu ungamete bwino bwanji, mzere ukakhota sabweranso ndipo amauzana. Ugulenso tizipeso ta manambala tokwanira. Namba 1 imasiya tsitsi la mamilimita 3, namba 2 mamilimita 6, namba 3 mamilimita 10, namba 4 mamilimita 13. Pa fade umafunikanso ka hafu kaja ka milimita imodzi ndi theka ndi ka wani ndi hafu, apo ayi pamatsala mzere pakati pa mutu woonekera patali. Tizipeso ta pulasitiki yofewa timavuka pakati pa ntchito n'kusiya chigamba m'mutu mwa munthu, ndiye usankhe togwira zolimba, ukamatikankha tizimveka kuti thwa. Sizasi imodzi yabwino, chipeso cha mano aakulu chotukulira tsitsi, nsalu zofunditsa zosachepera zitatu, burashi yofewa ya pakhosi, kagalasi kam'manja koonetsera kunkhongo. Zimenezi sizidula.

Mayi a ku Ndola: Pepani ndilowerere ngakhale sindine wometa. Ndine kholo, ndipo nkhani iyi inandikhudza m'nyumba. Chaka chatha sukulu zili pafupi kutsegulidwa ndinatenga ana anga awiri kukameta pa babashopu ina, sinditchula. Panali mzere wa ana, wometa akungochoka mutu uwu kupita mutu uwo, mashini osapukuta n'komwe. Atatenga botolo la spiriti kupopera, sindinamve fungo lililonse, zinali ngati madzi. Patatha masabata angapo wamng'ono anayamba kukanda m'mutu, tsitsi likuthothoka mozungulira ngati kobiri, pamwamba poyera ngati pathiridwa phulusa. Chipere. Kenako mkulu wake naye. Ndinayamba ndi mankhwala opaka, osathandiza. Kuchipatala anatipatsa mapilitsi oti amwe kwa masabata ambiri. Wamng'onoyo amakana kupita kusukulu poti anzake amamuseka, amalira m'mawa ulionse akufuna chipewa. Mwana wanga wa ku Chinamwali, pa ndalama yako yochepayo, spiriti asakhale womalizira pa mndandanda, ndipo usadzamuthire madzi. Ife makolo timaona.

Mnyamata wa ku Chinamwali: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zinachitikira ana. Ndamva ndipo ndasunga. Kunena zoona nthawi yotsegulira sukulu ngakhale kumene ndimagwira kuja timathamanga kwambiri kuposa mmene zimafunikira.

Wazaumoyo wa ku Domasi: Mayi a ku Ndola anena chinthu chachikulu, ndiwonjezereko. Chipere cha m'mutu chimayamba ndi fangasi, ndipo chimayenda pa ma blade, tizipeso, burashi, ngakhale nsalu yofunditsa. Chimalowa mpaka m'mizu ya tsitsi, n'chifukwa chake zopaka zokha sizikwanira, pamafunika mapilitsi monga griseofulvin. Wometa ukaona chigamba chotero m'mutu mwa mwana, uuze kholo mwaulemu apite naye kuchipatala, ndipo ukamumeta zipangizo zonse zitsukidwe usanakhudze wina.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magazi. Anthu ambiri akamva za lezala amaganiza za HIV yokha. Kachilombo ka Hepatitis B, kamene kamaononga chiwindi, kamapatsirana mosavuta kuposa HIV, ndipo kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kupitirira. Kadontho kosaoneka ndi maso pa mano a trimmer n'kokwanira. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana kuno ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti akuluakulu ambiri amene amakhala pa mpando wanu sanabayidwe ali ana.

Ndiye lezala ikhale imodzi munthu mmodzi, itsegulidwe iye akuona, ikatha ntchito iponyedwe m'chitini kapena botolo lotseka, osati pansi pamene ana amatola. Pa mashini, yambani mwachotsa tsitsi lonse ndi burashi kapena mswachi wakale, chifukwa spiriti wothira pamwamba pa tsitsi ndi mafuta safika pa chitsulo. Kenako nyowetsani mano onse ndi spiriti wosasungunula, mudikire aume yekha. Kupopera kamodzi n'kuika pamutu nthawi yomweyo ndi mwambo chabe. Tizipeso ta pulasitiki titsukidwe ndi sopo kaye, kenako tinyikidwe m'madzi a Jik. Ma blade okha musawanyike mu Jik, amachita dzimbiri. Ndipo ngati mwacheka munthu magazi n'kutuluka, mashini amenewo apume, ma blade amasulidwe atsukidwe bwinobwino.

Madala a pa Mpondabwino: Apa ndi pamene ndimafuna tifike. Ukaona bwino, mashini awiri sagulidwa chifukwa cha magetsi okha. Amodzi akuuma spiriti ndi kuzizira, enawo ali m'manja. Wokhala ndi amodzi okha, anthu asanu akudikira pa benchi, sangadikire kuti aume ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani.

Ndikuuze za kucheka anthu, mwana wanga, poti nthawi zambiri wolakwa si dzanja koma kamangidwe ka ma blade. Pali awiri: wapansi wosayenda, wapamwamba woyenda. Ukakankha liva ya m'mbali mpaka kutseka, mano a wapamwamba ayenera kutsalira kumbuyo pang'ono, pafupifupi milimita imodzi, asafike pa nsonga za wapansi. Anyamata a masiku ano amakonda kuwafananitsa ndendende kuti mzere uzituluka wakuthwa. Zimatheka, koma dzino limodzi likangopitirira, ndiye kuti khosi la munthu aliyense ulilemba. Ukamanga, imika mashini pa kuwala kwa pakhomo, uyang'ane cham'mbali, uone ngati mzere wa mano uli wofanana kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Umange sikuluwu imodzi pang'ono, inayo pang'ono, kubwerezabwereza. Ukamanga imodzi mpaka kumapeto, blade imapendekeka. Ukamaliza yesa mkati mwa mkono wako, pamene khungu lili lofewa. Akakukanda iweyo, usawaike pa mwana wa mwini.

Wometa wa ku Jali: Madala mwandikumbutsa agogo anga. Iwo ankameta pansi pa mtengo wa mango ndi mashini a pamanja aja ofinya ngati pulayala, sizasi ndi chipeso basi. Tsiku la msika anthu amakhala pa mzere. Amawapaka mafuta a mashini osokera usiku ulionse n'kuwakulunga m'kansalu.

Ine kuno ndimadalira sola. Poyamba ndinali ndi batire ndi invata yotchipa ndikulumikiza mashini a chingwe, koma amalira moipa ndi kutentha msanga mpaka kasitomala kumazinda. Nditasintha n'kuyamba ochaja, vuto linatha. Ndiye mnzanga wa ku Chinamwali, ngati ukuganiza zoti magetsi akazima uzigwiritsa invata, funsa kaye.

Wokonza zamagetsi wa ku Sadzi: Zimenezo n'zoona. Ma invata otchipa satulutsa magetsi osalala ngati a pa soketi, ndipo mota ya maginito imamva msanga. Bola kagwiritsidwe kanu ka ochaja kaja.

Pa za mafuta, ndikupempheni ometa nonse: mafuta ophikira ayi. Amauma n'kusanduka ulimbo, amagwira tsitsi, mota imavutika mpaka kutentha. Ambiri amene amabwera kwa ine akuti mashini afa, ndikatsegula ndimapeza phala la tsitsi ndi mafuta ophikira. Oilo wa mashini ometera akasowa, wa mashini osokera amagwira. Madontho atatu pa mano, limodzi mbali iyi limodzi mbali inayo, muyatse kwa kamphindi, mupukute otsala. Spiriti amachotsa mafuta, choncho amene amatsuka kawirikawiri ayeneranso kuthira oilo kawirikawiri. Ndipo pa mashini a maginito pali sikuluwu yaikulu m'mbali. Akamalira mofooka kapena kuphokosera, yatsani, muipotoze kumanja pang'onopang'ono mpaka amveke phokoso lalikulu logogoda, kenako muibweze pang'ono mpaka phokosolo lithe. Pamenepo ndi pamene pali mphamvu yake yonse. Ambiri amataya mashini abwinobwino osadziwa zimenezi.

Rasta wa ku Thondwe: Ine mashini sandikhudza m'mutu, koma ndikuwerenga ndi chidwi poti ndevu za m'mbali ndimakonzetsa. Mwatchula zometa ana potsegulira sukulu, ndiye ndikumbutse kuti Khoti Lalikulu konkuno ku Zomba linagamula mu 2023 kuti ana a chi Rasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Wometa akalandira mwana wotero amufunse kaye kholo chimene akufuna.

Woyang'anira gulu: Mfundo yamveka, Rasta, zikomo. Tibwerere ku zipangizo kuti mnyamatayu apite ku Limbe ndi mndandanda.

Bambo a ku Three Miles: Funso langa ndi la kasitomala. Ine ndikametedwa ndevu ndi lezala, pakatha masiku atatu pakhosi ponse pamatuluka totupa towawa, tina tokhala ndi mafinya. Kodi ndi lezala yakuda kapena chiyani? Ndasintha mababashopu atatu.

Wazaumoyo wa ku Domasi: Bambo, nthawi zambiri si uve. Ndevu zathu ndi zopotana. Zikadulidwa pafupi kwambiri ndi khungu, nsonga yakuthwayo pomera imapinda n'kubaya khungu, thupi limatupa ngati labayidwa ndi minga. Yesani kusiya lezala, azikumetani ndi mashini kusiya ndevu pang'ono, motsata kumene zimagonera, osakoka khungu. Ambiri zimawathera pomwepo. Totupa tolimba ta kunkhongo tija tosatha, tomwe timakula n'kukhala zipsera, timafunika kuonedwa kuchipatala, ndipo wometa asamadutsitsepo lezala kapena trimmer yothina.

Chemwali wa saluni ku Chikanda: Zimenezi ometa azimve. Kasitomala akati ndimeteni mpala wonyezimira koma ukuona kunkhongo kuli totupa, muuze zoona. Akhoza kunyinyirika tsiku limenelo koma adzabweranso. Ndipo ma blade akatentha, yesa pa dzanja lako. Chitsulo chotentha pakhosi chimasiya mabala akuda.

Wometa wa ku Matawale: Chabwino madala, ndagonja theka. A chingwe amodzi abwino, ochaja amodzi, trimmer yochaja. Koma aise, ochajawo usankhe amene amagwira ntchito ali pa chaji, ena sayaka akalumikizidwa. Ndipo funsa ngati ma blade ake amapezeka padera. Mashini opanda ma blade osinthira ndi otaya akangobuntha.

Madala a pa Mpondabwino: Akabuntha amanoledwa, ngakhale si mpaka kalekale. Ine ndimaika sandipepa yosalala kwambiri pa galasi lathyathyathya, ndimainyowetsa, blade ndimaigoneka bwinobwino n'kumaiyendetsa ndi zala ziwiri mofanana mbali zonse. Pa mwala wa mipeni ya kukhitchini ayi, umadya mbali imodzi. Ukanola utsuke, uumitse, uthire oilo, umange monga ndanenera. Koma zimenezi pa foni sizimveka. Ukabwerako ku Limbe udzandipeze.

Mnyamata wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndabwerako dzulo madzulo. Andis ya pulagi ya ku America ija ndinaisiya, kunsi kwake analembadi 120. Ndagula Super Taper yolembedwa 230 volts, anailumikiza ndikuona ndipo ndi yolemera m'manja monga ananenera achimwene a ku Joni. Ndagulanso ochaja otchipa ndi trimmer, tizipeso mpaka namba 4 ndi ka hafu komwe, mabotolo awiri a spiriti, thonje, paketi ya malezala, oilo ndi mswachi watsopano wopukutira. Ndalama inathera pomwepo, nsalu zofunditsa amayi akundisokera kuchokera ku zitenje ziwiri. Chitini cha malezala ndapeza cha mkaka, ndaboola pachivindikiro. Vuto limodzi: trimmer nditaiyesa mkati mwa mkono yandikanda mbali ya kumanzere, pasiya kamzere kofiira. Sindinaiike pa munthu.

Madala a pa Mpondabwino: Wachita bwino kuyesa. Blade yapendekeka, zimachitika ngakhale kwa zatsopano. Usaimasule wekha kaye. Loweruka ndimatsegula 6 koloko, anthu amayamba kuchuluka cha m'ma 8. Ubwere nayo m'mawa pamodzi ndi Super Taper yo, utengenso sikuludiraiva yaing'ono ya nyenyezi, yanga mutu wake unatha.

Mayi a ku Ndola: Ukatsegula utiuze pagulu pano. Ana anga tsitsi lakula, ndibwera nawo.

Mnyamata wa ku Chinamwali: Zikomo mayi, ndikuyembekeza kutsegula Lolemba. Madala, Loweruka 6 koloko ndili pakhomo panu, sikuludiraiva ndabwereka kale.